Wefuwefu wa Chitumbuwa

Uthenga wa Enoch unalowa pafoni Lachisanu masana, Lettie ali pakhonde akupeta mpunga wa ku Chama.

"Amama abwera mawa kumsonkhano wa chigwirizano. Akuti akaweruka adzadutsa kwanu kudzalonjera amayi. Koma ine ndi iwe tikudziwa amene akufuna kudzamuona."

Lettie anakuwa, lichero n'kupendekeka, nkhuku za aneba n'kupeza phwando losayembekezera. Iye sanaziingitse n'komwe. Anawerenganso uthengawo kachiwiri, kachitatu.

Panali patatha chaka ndi miyezi inayi ali pachibwenzi ndi Enoch Daka, mnyamata wa ku Chiparamba amene ankagwira ntchito yaukalaliki m'tauni. Ankhoswe ake anayenera kufika kwa a Sakala ku Nabvutika kumapeto kwa mwezi. Chimene chinatsala n'choti amake Enoch amuone mtsikanayo ndi maso awo, chifukwa mumtima mwawo munali kale wina: Beauty, mwana wa mnzawo wa kutchalitchi, amene ankawatcha apongozi kuyambira ali kusekondale.

"Ndivale chiyani?" analemba Lettie.

"Chilichonse. Ngakhale thumba la feteleza lingakukhale."

"Enoch, ndikunena zoona!"

"Diresi ya buluu ija. Ndipo usaseke mokweza ngati mmene umachitira ndi ine."

Lettie anaseka mokweza pomwepo. Chitumbuwa, mphaka wake wofiirira, wozungulira ngati dzina lakelo, anatulukira kuseri kwa chidebe n'kudumphira chingwe cha epuloni. Lettie anamuseweretsa, kukoka chingwe uku ndi uko, mphakayo akupinduka, akuwakha, akugudubuzika. Sipanapite nthawi, anaima. Anayasama, kalilime panja, nthiti zikukwera ndi kutsika, wefuwefu.

"Watopa kale, waulesi iwe?" anatero Lettie akumusisita pamutu.

Khalidweli linali litayamba masabata atatu apitawo. Lettie ankangoti n'kutentha kwa Okutobala, ndipo kunena zoona ankaliona ngati loseketsa.

* * *

Loweruka dzuwa linaswa mtengo. Nthawi itakwana 3 koloko geti linalira, amake Enoch n'kulowa atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera la amayi a chigwirizano. Kumbuyo kwawo, atawanyamulira chikwama, kunali Beauty.

Lettie anagwada bwinobwino n'kupereka moni ndi manja awiri. Amayi ake, amake Lettie, analowetsa alendo m'chipinda chochezera, iye n'kubweretsa thobwa lozizira m'makapu agalasi aja amene ankatuluka pa Khirisimasi pokha.

"Ndiye ndinu Lettie," anatero amake Enoch akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ana a m'tauni inu, khasu mumalidziwa?"

"Ndimalidziwa, amama. Holide iliyonse atate ankatitumiza ku Kasenengwa kukapalira mtedza. Matuza ake ndikuwakumbukira mpaka lero."

"Thobwali wapanga ndani?"

"Ndine, amama."

Mayiwo anamwanso, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Lili ndi dzanja."

Lettie anamva ngati aimirire avine. Foni inanjenjemera m'thumba la diresi. Ankadziwa kuti ndi Enoch, amene anabisala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa msewu, akufunsa kachisanu ngati zinthu zikuyenda. Beauty yekha ndi amene thobwa lake linali lisanakhudzidwe.

Macheza atakoma, amake Enoch anatulutsa zoluka zawo m'chikwama. Mpira wa ulusi wofiira unagwa pamiyendo pawo n'kugudubuzika pasimenti. Chitumbuwa anatumphuka kuchokera pansi pa sofa ngati waponyedwa ndi legeni. Anaumenya mpirawo, kuuthamangitsa mpaka kukhomo, kubwerera nawo, kudzikulunga nawo miyendo. Onse anaseka, ngakhale amake Enoch anagwira pakamwa.

Kenaka mphakayo anaima patsogolo penipeni pa mlendoyo. Anayasama kukamwa konse, lilime lili lende, maso ali tong'o, akupuma mofulumira ndi kaphokoso kowuma.

Kuseka kunatha.

"Ee! Amama, taonani," anatero Beauty akukweza miyendo. "Chona kupuma ngati galu? Ine chibadwire sindinaonepo."

"N'kutentha chabe," anatero Lettie. "Amatero akasewera."

"Nanga bwanji akuyang'ana amama okha? Tonse tili muno." Beauty anatsitsa mawu, koma osati kwambiri moti ena asamve. "Anthu amanena kuti nyumba zina chona sakhala wogwira makoswe ayi. Mwina n'chifukwa chake a Enoch masiku ano saona njira ya kwawo."

"Mwana iwe, ukuti chiyani m'nyumba mwanga?" anafunsa amake Lettie.

Amake Enoch anaika kapu patebulo, thobwa lili theka. Anakoka chitenje kuti chisakhudzane ndi mphakayo, n'kuimirira. "Tiyeni, Beauty. Alongo anga akutidikira ku Kapata."

Anatuluka osatembenuka. Ulusi wofiira unatsala uli mbwee pansi.

* * *

Enoch anaimba dzuwa likulowa.

"Lettie, amama sakudya. Akuti chona uja anawaseka."

"Kuwaseka? Enoch, iwe unapita kusukulu."

"Ine sindikukhulupirira zimenezo, ukundidziwa. Koma Beauty wawadzaza mutu. Akuti unandidyetsa mankhwala, ndipo mphakayo ndi amene amasunga." Kenaka anaonjezera, "Bwanji ungomupititsa ku Kasenengwa? Kwa mwezi umodzi chabe, ankhoswe adutse."

"Ndikamubisa ndiye kuti ndavomera kuti ndine mfiti."

"Ndi mphaka chabe, Lettie."

"Lero ndi mphaka. Mawa Beauty akadzati maso anga ndi ofiira, udzandiuza ndikawabise kuti?"

"Usatero, wokondedwa."

"Pamene amanenera zimenezo, iwe unayankha chiyani?"

Enoch anayamba kuzemba funsolo, ndipo Lettie anadula foni.

Atatembenuka anapeza atate ake ataima pakhomo, nyuzipepala ili m'manja. A Jethro Sakala anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, munthu amene ngakhale mowa wa paukwati sankaununkhiza. Akazi awo anali atawafotokozera zonse.

"Nyumba yanga ino," anatero mwapang'onopang'ono, "mwalowa abusa angati? Ana angati a m'Nabvutika muno aphunzira kuwerenga pakhonde ili? Lero munthu achoke ku Chiparamba kudzandiuza kuti ndimaweta ufiti?"

"Atate, si Enoch wanena."

"Enoch anayamwa bere la ndani? Uwauze ankhoswe akewo asavutike kupolisha nsapato. Pano sapondapo."

* * *

Lamulungu lonse Lettie sanayankhe mauthenga a Enoch, ngakhale anafika khumi ndi anayi. Koma chimene chinamuopsa chinachitika atabwera kutchalitchi. Chitumbuwa anangothamangitsa gulugufe kuchoka pakhonde kufika pampopi, basi, n'kugwada pansi, khosi atalitambasula kutsogolo, akutsokomola ngati akufuna kusanza koma osatuluka kanthu. Atatha anayambanso wefuwefu uja. Ulendo uno Lettie sanaseke.

Lolemba m'mawa taksi inaima pageti. Anatsika Enoch atanyamula katoni yoboolaboola.

Lettie anamunyamula Chitumbuwa n'kumukumbatira pachifuwa. "Wabwera kudzamutaya? Uyambe wanditaya ine."

"Tamvera kaye."

"Katoniyo ndi ya chiyani?"

"Ndaboola kuti azipuma bwino. Ndayalamo ndi thaulo langa." Enoch anapukuta thukuta pamphumi. "Ndapempha tchuthi cha lero. Tikupita naye kwa dokotala wa ziweto. Ndinalakwa Loweruka, Lettie. Unandifunsa kuti ndinayankha chiyani. Sindinayankhe kanthu, ndipo manyazi ake andigwira masiku awiri."

Lettie anasuzumira m'katonimo. Thaulo linalimodi, lopindidwa bwino, ndi kachivindikiro ka madzi pakona. Anayesetsa kuumitsa nkhope koma milomo inamukanika.

"Thaulo lomweli limene umati ndi la ku Lusaka?"

"Lomwelo."

"Ndiye wandikondadi." Anamulowetsa mphakayo mosamala. Kenaka maganizo ena anamubwerera, maso ake n'kuwala. "Amama akadali ku Kapata?"

"Akwera basi ya masana. Bwanji?"

"Dikira." Anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi mpira wa ulusi wofiira, atauzengeza bwinobwino. "Tidzere kumeneko."

"Lettie, ukufuna kundiphetsa?"

"Adiraiva, ku Kapata!"

* * *

Anawapeza amake Enoch atakhala pamkeka, Beauty akuwamangira katundu. Lettie anagwada patali pang'ono n'kupereka ulusi uja ndi manja awiri.

"Amama, munaiwala izi. Komanso ndabwera ndi pempho. Tikupita ndi chona uja kwa dokotala. Ndikupempha mutiperekeze, mukamve ndi makutu anu."

"Ine kukwera galimoto imodzi ndi chinthu chimenecho?"

"Musapite, amama," anatero Beauty. "Dokotala angaone bwanji zinthu za kumdima?"

Lettie sanamuyang'ane n'komwe. "Dokotala akakanena kuti alibe matenda, mukhulupirire zonse zimene mwamva za ine. Sindidzatsutsa, ndipo mwana wanu ndidzamusiya ndekha."

"Lettie!" anatero Enoch.

Amake Enoch anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. Lettie maso sanagwetse.

"Uli ndi chiwindi, mwana iwe," anatero mayiwo pomaliza. "Ndikhala kutsogolo. Katoniyo ikhale kumbuyo kwenikweni."

Beauty anafuna kukwera nawo, koma malo anali atatha. Anatsala pageti, chikwama cha eni ake chili m'manja.

* * *

Dokotala wa ziweto anali mayi wamfupi wolankhula mofulumira, dzina lake Thokozani Ngoma. Anayamba wamusiya Chitumbuwa kuti adekhe patebulo, akumufunsa Lettie mafunso.

"Wayamba liti? Amatero akasewera nthawi yaitali bwanji? Zimatha msanga? Amatsokomola?"

Lettie anafotokoza zonse, mpaka za gulugufe.

"Munayenera kubwera sabata yoyamba yomweyo," anatero dokotalayo. "Galu akamapuma lilime lili panja, ndiye chibadwa chake, amadziziziritsa choncho. Mphaka si galu. Inde, kamwana ka mphaka kakathamanga kwambiri padzuwa ngati la mwezi uno kangayasame pang'ono, mphindi imodzi kapena ziwiri n'kusiya. Mantha nawonso amachititsa. Koma zikamabwera kawirikawiri, atangosewera pang'ono, ndiye kuti thupi likudandaula."

"Likudandaula chiyani?" anafunsa Enoch.

"Zingakhale zingapo. Mtima wofooka. Nyongolotsi zimene zimakhala m'mapapo. Kuchepa magazi chifukwa cha utitiri. Kunenepa kumene ndikukuona apaku nakonso sikuthandiza." Anakweza mlomo wa mphakayo n'kuyang'ana nkhama. "Izi ndi zofiirira bwino, magazi alipo. Tsiku limene mudzazione zayera kapena zachita ngati buluu, musadzadikire mawa, mudzathamange naye."

Amake Enoch anali ataima pafupi ndi chitseko, manja atapinda pachifuwa. "Adokotala, ndifunseko. Nanga n'chifukwa chiyani anayang'ana ine ndekha?"

"Munali ndi chiyani m'manja, amama?"

"Zoluka."

"Ndiye amayang'ana ulusi wake. Inu munangopezeka kumapeto kwa ulusiwo."

Enoch anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Dokotala anavala chomvera m'chifuwa m'makutu n'kuchiika panthiti za mphakayo, uku, kenaka uko. Lettie anapezeka atagwira dzanja la Enoch pamaso pa amayi ake, ndipo sanalisiye.

"Mtima ukumveka bwino, ngakhale kuti kutsimikiza kwake mpaka titamujambula," anatero dokotala. "Koma m'mapapomu muli nkhani. Kunyumba mumayatsa koilo ya udzudzu?"

"Tsiku lililonse. Atate udzudzu amadana nawo koopsa."

"Mbaula?"

"Magetsi akazima timalowetsa m'khitchini. Iye amakonda kugona pafupi."

"Ndi zimenezo. Amama, tabwerani. Inu ndi amene muli ndi mafunso ambiri, dzamvereni nokha."

"Ine ayi."

"Saluma. Bwerani."

Mayiwo anasendera ngati akuponda paminga. Dokotala anawaveka chomveracho m'makutu. Poyamba nkhope yawo inali yokwinya. Kenaka makwinyawo anamasuka, pakamwa n'kutseguka pang'ono.

"Kalikhweru," ananong'ona. "Muli kalikhweru."

"Mwamva bwino. Kwa ine zikuoneka ngati mphumu."

"Mphumu? Chona amadwala mphumu?"

"Amadwala, ngati anthu. Timachubu ta mpweya timaphinjika. Utsi, fumbi, mafuta onunkhira kwambiri, zonsezo zimautsa."

Amake Enoch sanavule chomveracho. Anamvetserabe, ndipo Lettie anaona misozi ikudzaza m'maso mwawo.

"Atate ake Enoch ankalira chonchi m'chifuwa," anatero. "Nyengo yokolola fodya ikafika, ndinkaika khutu pamsana pawo n'kumva kalikhweru komweka. Anthu a m'mudzi ankati ndawalodza ndine." Anapukuta misozi. "Zaka zitatu ndinkatunga madzi ndekha pachitsime, akazi anzanga akundithawa."

Enoch anayang'ana pansi. Nkhani imeneyi ngakhale iye anali asanaimvepo.

Dzanja la mayiwo linatambasuka mwamantha n'kukhudza msana wa Chitumbuwa. Mphakayo anawanunkhiza zala, n'kudzikhuza.

Dokotala anapereka mankhwala a nyongolotsi kuti achotse chikayiko, ndi ena ochepetsa kutupa m'mapapo. Koilo ichoke m'chipinda chimene amagona, atate agule neti. Mbaula ikhale panja. Kusewera kukhale kwakufupi, m'mawa kapena dzuwa litapepa, ndipo akangoyasama masewera athere pomwepo, apume pamthunzi pali madzi. Chakudya achepetseko. Abwerenso pakatha masabata awiri.

"Achira?" anafunsa Lettie.

"Mphumu siitheratu, koma mukamusamala adzakalamba akuba nsomba zanu."

* * *

Pobwerera amake Enoch anakana kukhala kutsogolo. Anakhala kumbuyo pakati pa awiriwo, katoni ili pamiyendo pawo, akukalipira dalaivala pa bampu iliyonse.

"Pang'onopang'ono, bambo! Muli wodwala muno."

"Amama, basi ya masana ikusiyani," anatero Enoch.

"Indisiye. Ndinatuluka m'nyumba ya eni ake ngati ndaona njoka, ndiyenera kubwerera ndikapepese ndi pakamwa panga." Anatembenukira kwa Lettie. "Mwana wanga, ine ndi amene ndinayenera kudziwa kuwawa kwa mawu amenewo kuposa wina aliyense. Undikhululukire."

"Zatha, amama."

"Sizinathe. Beauty ndikakambirana naye pamaso pa amake. Ndipo thobwa lija ndinalisiya theka, ndikukalimaliza."

Lettie anaseka mokweza, kuseka kuja Enoch anamuletsa, ndipo mayiwo anaseka naye. Kuseri kwa msana wa amayi ake Enoch anamutsina Lettie paphewa. Foni ya Lettie inanjenjemera. Unali uthenga wochokera kwa munthu amene anakhala naye mpando umodzi: "Mayi Daka, mwaswera bwanji?" Lettie anabisa nkhope m'manja. Ankaona kale tsiku laukwati, kwaya ya ku Chiparamba ndi ya ku Nabvutika zikupikisana, atate ake atavala suti yawo yakuda.

Taksi itakhota kulowa mumsewu wa kwawo, dalaivala anachepetsa liwiro. Pageti pa a Sakala panali galimoto yoyera yaitali, yonyezimira ngati yangotuluka m'sitolo.

"Muli ndi alendo?" anafunsa Enoch.

"Sindikudziwa. Dikirani pano, ndikawauze atate kuti amama abwera."

Lettie anathamanga kulowa pageti, nkhani yabwino ili kunsonga kwa lilime. Anaima mwadzidzidzi. Pakhonde panali mipando itatu ya m'nyumba. Atate ake anavala jekete Lolemba masana. Moyang'anana nawo panakhala azibambo awiri achikulire, zipewa zili pamaondo, ndipo pakatebulo pakati pawo panali mbale ziwiri zovindikirana, zija amabweretsa odzafunsira ukwati. Amayi ake anakhala pamkeka chapatali, maso ali pansi.

"Wafika nthawi yabwino," anatero a Sakala. "Gwada upereke moni. Awa ndi amalume ake a Sipho."

Lettie anagwada. Sipho Jere anali mwana wa mkulu wa mpingo mnzawo wa atate ake. Anamufunsira zaka ziwiri zapitazo asanapite kukagwira ntchito ku Kitwe, Lettie n'kumuyankha kuti amupatse nthawi yoganiza, ndipo yankho lenileni sanamupatse mpaka lero. Nkhaniyi Lettie anali asanamuuzepo Enoch.

"Atate, ine ndabwera ndi amake Enoch. Abwera kudzapepesa. Chitumbuwa ali ndi mphumu chabe, dokotala wanena."

"Ndinakumana ndi a Jere dzulo titatuluka m'tchalitchi," anapitiriza a Sakala ngati sanamve. "Banja lodziwa ulemu silichedwa. Mbalezi ndazilandira."

Kumbuyo kwake geti linalira. Amake Enoch anali ataima pamenepo, katoni ili m'manja, kumwetulira kukuzimirira pankhope pawo. A Sakala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, imani pomwepo. Muno ndi mwa afiti, mungalodzedwe. Komanso tili pa nkhani ya Lettie ndi Sipho."

Enoch anadutsa pambali pa amayi ake. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mbale zija, kenaka anayang'ana Lettie.

"Lettie," anatero motsitsa mawu, "Sipho ndi ndani?"